Mtengo weniweni wa inki suli pa botolo

Achinyamata ofuna kuyamba bizinesi yosindikiza ma banner ndi zikwangwani kuno kuchigwa cha Shire akabwera ku shopu kwanga pa Nchalo, mafunso awo onse amakhala a makina: agule ati, ndi ndalama zingati, a mita 1.8 kapena a mita 3.2 m'lifupi. Za inki amafunsa ataimirira kale kuti azipita, ndipo funso lake limangokhala limodzi: "Abwana, yotchipa imapezeka kuti?" Ine ndimawakhazikanso pansi. Makina mumagula kamodzi, koma inki muzidzagula mwezi ndi mwezi mpaka tsiku limene mudzatseke bizinesi, ndipo moyo wa makinawo uli m'manja mwa inkiyo.

Makina anga ndi a ku China, a mita 1.8, ndipo amamwa inki ya eco-solvent (inki yamankhwala yosindikizira zinthu zoika panja) ya mitundu inayi: cyan (yabuluu wowala), magenta (yofiirira ngati pinki), yachikasu ndi yakuda. Ntchito zambiri ndi za pa flex (nsalu ya pulasitiki ya ma banner) ndi vinyl (pulasitiki womata): zikwangwani za ogulitsa mbewu ndi feteleza, za ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba, ma banner a misonkhano ya mipingo, maukwati, zinkhoswe, mipikisano ya mpira, ndi mauthenga a mabungwe othandiza anthu. Hedi yake, kachipangizo kamene kamapopera inki pa nsalu, ndi ya Epson, monga makina ambiri ang'onoang'ono m'dziko muno. Ena ali ndi XP600 yomwe ndi yotsikirako mtengo, ena akadali ndi DX5 yakale ija, ena anasamukira ku i3200. Ya i3200 ili m'mitundu: E1 ndi ya eco-solvent, A1 ndi ya inki yamadzi monga ya sublimation (yosamutsira zithunzi pa zovala ndi kutentha), U1 ndi ya UV (inki youmitsidwa ndi kuwala kwa nyali yapadera). Wogulitsa amene akutambasulirani botolo asanafunse kuti hedi yanu ndi iti, ameneyo sakudziwa chimene akugulitsa, ndipo ndi bwino kutuluka mwaulemu m'sitolo mwake.

Chifukwa chake n'chakuti timabowo totulukira inki pa hedi sitioneka ndi maso. Inkiyo ndi tinthu ta mtundu toperedwa mosalala kwambiri, toyandama m'madzi amankhwala amene amauluka msanga akakumana ndi kutentha. Fakitale ikafuna kutsitsa mtengo imachepetsa pomwepo: sipera mokwanira, sisefa mokwanira, kapena imagwiritsa mtundu wosapirira dzuwa. Mukayang'ana m'botolo zonse zimaoneka chimodzimodzi. Kusiyana kumadzaonekera m'timabowo tija ndi pa khoma la kasitomala.

Tsono apa ndi pamene ife a kuchigwa timasiyana ndi anzathu a kumtunda, ndipo ndikufuna mundimvetse bwino. Mzinda wa Blantyre uli pamwamba pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene ife kuno tili cha m'ma mamita 100 kapena kucheperapo. Mukatsika zitunda za Chikwawa n'kufika pa Thabwa, thupi limakuuzani lokha kuti mwalowa dziko lina. Opanga makina ndi inki amalangiza kuti chipinda chosindikizira chizikhala cha m'ma madigiri 20 mpaka 30. Mu Okutobala ndi Novembala, pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye ganizirani mkati mwa shopu ya malata yopanda siling'i. Inki imene mnzanu wa ku Ginnery Corner akuiyamikira kuti sinamuvutepo, kuno ikhoza kukulizani, osati chifukwa mnzanuyo akunama, koma iye akusindikiza kozizira.

Kukatentha, inki imayamba kuuma pakamwa pa timabowo ngakhale makina ali pa ntchito. Mumangoona mizeremizere pa nkhope ya mkwatibwi, mumaimitsa, mumatsuka hedi, mumayambiranso. Kutsuka kulikonse pampu imakoka inki n'kuitaya m'botolo la zotayika limene lili pansi pa makina. Botolo limenelo ambiri sitiliyang'ana, koma ndi mmene mumathera ndalama. Inki yabwino imapirira, mumatsuka m'mawa ndi pakati pa ntchito yaitali basi. Inki yofooka imafuna kutsuka pafupipafupi, ndipo kuti kufiira kwake kuoneke ngati kufiira muyenera kuuza makina kuti azithira yambiri. Onjezani fumbi la chilimwe ndi phulusa la nzimbe zotenthedwa limene limagwa m'nyengo yodula, lomwe limamatira pa wiper (kalabala kopukuta hedi) ndi pa kapu yotsekera hedi, mupeza kuti lita imodzi ya kuno si yofanana ndi lita imodzi ya ku Blantyre.

Chimene chinanditsegula maso ndi kabuku. Botolo lililonse ndikalitsegula ndimalemba tsiku, mtundu, kumene ndagula ndi mtengo wake. Ntchito iliyonse ndimalemba masikweya mita ake, kuphatikizapo zimene zaonongeka n'kubwerezedwa. Botolo la zotayika ndinalilemba mizere ya muyeso. Pakutha pa mwezi ndimagawa ndalama za inki ndi masikweya mita amene kasitomala walipira, osati amene makina ayenda. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu amveke. Inki ya K100,000 pa lita itakupatsani masikweya mita 90 olipidwa, ndiye kuti sikweya mita imodzi yadya K1,111. Ina ya K70,000 itakupatsani 60 okha chifukwa cha kutsuka ndi kubwereza, yadya K1,167. Yotchipa ija yadula kale, tisanayambe n'komwe kuwerengera flex yoonongeka, magetsi, mafuta a jenereta ndi nthawi yanu.

Chinanso chimene kabukuko kanandionetsa n'chakuti pa mtengo wa banner, inki ndi gawo laling'ono. Flex yokha, lendi, malipiro a anyamata, ma eyelet (timphete tachitsulo tomangirapo zingwe), thiransipoti ndi magetsi zimatenga zambiri. Ndiye munthu akapulumutsa K30,000 pa botolo, wapulumutsa timakwacha mazana ochepa pa sikweya mita, koma waika pachiswe hedi imene mtengo wake umagula mabotolo ambiri, ndipo hediyo imagulidwa ndi madola. Ine sindiona nzeru pa malonda otere.

Tibwere ku dzuwa. Inki ya eco-solvent yabwino opanga ake amati imapirira panja zaka ziwiri kapena zitatu popanda lamination (kumatapo pulasitiki woteteza), koma muyeso umenewo si wa dzuwa la ku Nsanje. Kuno yoyamba kusuluka ndi yachikasu ndi magenta. Chikwangwani chofiira chimasanduka chotuwa, nkhope za anthu zimatsala zabuluu, chithunzi cha chimanga chimayera. Inki ina yotchipa amaisakaniza ndi utoto wosungunuka m'malo mwa pigment weniweni (tinthu toperedwa tija), imawala mokongola tsiku loyamba, koma mvula isanabwere yatha. Ndiye ndisanayambe kugula inki yatsopano ndimapempha wogulitsa andisindikizire kachidutswa ndi inki yakeyo, kokhala ndi mizere ya mitundu inayi ija, kufiira, kubiriwira ndi nkhope ya munthu. Ndimakadula pakati. Theka ndimakhomera padenga la shopu, theka ndimasunga m'dirowa. Ikatha miyezi iwiri kapena itatu ya chilimwe ndimaziika pamodzi. Ndimakandanso ndi chikhadabo ndi kupukuta ndi kansalu konyowa, chifukwa zomata pa galimoto ndi pa njinga zamoto zimatsukidwa tsiku ndi tsiku. Ndi mayeso ochedwa, koma sindidziwa ena oona kuposa amenewa.

Musaiwale kuti kuno tonse timadziwana. Chikwangwani chikasuluka pa Dyeratu, aliyense wodutsa amadziwa amene anachipanga. Mayi wina wogulitsa zitenje anabwera kwa ine ndi chikwangwani chimene anapangitsa kwina, nati, "Achimwene, taonani, sichinathe ndi chaka chomwe, anthu akundifunsa ngati ndinatseka." Mayi ameneyo sanafunse za dzina la inki. Anangosiya kupita kumene anapangitsako, ndipo anauza anzake onse a kumpingo.

Vuto lalikulu limene ndinakumana nalo silinachokere kwa munthu wachilendo ayi, linachokera kwa wogulitsa amene ndinkagula kwa iye nthawi yaitali popanda chodandaula. Dzina lake ndi la sitolo yake sinditchula. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, inki yake inasowa kwa kanthawi, kenako inabweranso pa mtengo wosakwera kwambiri poyerekeza ndi ena. Mabotolo anali omwewo, chizindikiro chomwecho, mawu omwewo. Ndinathira m'matanki monga mwa masiku onse. Sabata isanathe yakuda inayamba kudukiza, kenako magenta. Titatsegula ma damper, timatumba tosefa inki isanalowe m'hedi, tinapeza inki yaundana timibulu ngati chambiko. Inki ziwiri za mafakitale osiyana zikakumana m'mapaipi zimatha kukanana chonchi, ndipo timibuluto tikafika m'hedi sititulukanso tonse.

Ndinamuimbira. Poyamba anati ndi kutentha kwa kwanuko. Ndinamuuza kuti kutentha kwa kwathu kunalipo chaka chathanso ndipo inki yake inkayenda. Titayerekeza botolo lakale lopanda kanthu ndi latsopano tinaona kuti latsopanolo linalibe nambala ya batch (ya gulu la inki yopangidwira pamodzi) ngakhale tsiku limene inapangidwa, ndipo fungo lake linali lakuthwa. Pamapeto pake anavomera kuti madola atavuta anapeza inki kwina n'kuithira m'mabotolo a chizindikiro chake. Anati, "Achimwene, ndikanakweza mtengo mukanandithawa nonse." Ndinamumvetsa kuti naye anapanikizika, koma akanangondiuza, ndikanatsuka makina ndisanathire, hedi ikanapulumuka. Za hedi anakana kuthandizapo. Ndinagula ina ndi ndalama zimene ndinkasungira lendi, ndipo ntchito ya mpingo wina imene inali m'manja ndinakasindikiza kwa mnzanga ku Blantyre ndi ndalama zanga kuti ndisaphwanye lonjezo. Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalamazo, koma kuti munthu amene ankanditcha mbale wake anakhala chete akudziwa.

Kuyambira pamenepo, katoni iliyonse ikafika ndimayang'ana zinthu zingapo ndisanathire: chidindo cha pakamwa pa botolo chikhale chosatsegulidwa, pakhale nambala ya batch ndi tsiku lopangira, fungo likhale lomwe ndimalidziwa. Kenako ndimatenga kabotolo koyera ka galasi, ndimasakaniza pang'ono inki ya m'tanki ndi yatsopanoyo, mtundu ndi mtundu wake, n'kusiya usiku wonse. M'mawa ndimapendeketsa kabotoloko poyera. Pakaoneka timibulu kapena zokhazikika pansi, katoniyo imabwerera. Ngati ndasankha ndekha kusintha inki, ndimakhuthula matanki, kutsuka mapaipi onse ndi cleaning solution (mankhwala otsukira) wa inki yatsopanoyo, kusintha ma damper, n'kuthira. Ntchito imeneyi imadya tsiku lathunthu ndi ndalama, ndiye kudumphadumpha kutsata amene watsitsa mtengo mwezi uno kumakudyerani phindu lomwe mukulifunalo.

Inki ikasintha, profile ya mu kompyuta nayo iyenera kusintha. Ambirife timagwiritsa pulogalamu yosindikizira ya Maintop kapena ya PhotoPrint, ndipo profile ndi imene imauza makina kuchuluka kwa inki yoti athire pa mtundu uliwonse ndi pa nsalu iliyonse. Profile yolakwika imathira inki yambiri mosafunika, banner imachedwa kuuma, imamatirana poipinda, mitundu ya kampani ya kasitomala imatuluka yosiyana ndi imene anabweretsa. Wogulitsa wabwino amakupatsani profile yogwirizana ndi inki yake ndi hedi yanu, kapena amakuthandizani kuikonza kudzera pa intaneti. Ma heater a makina nawo kuno ndimawatsitsa m'chilimwe, makamaka a pafupi ndi hedi, chifukwa chipinda chatentha kale ndipo kuwonjezera moto kumangoumitsa timabowo. Ntchito zazikulu timasindikiza m'bandakucha ndi madzulo, masana timadula, kumata ndi kukhoma ma eyelet.

Nanga kogula? Njira imene ambiri timayambira ndi masitolo a ku Blantyre ndi ku Limbe. Mtengo wawo ndi wokwererapo chifukwa alipira kale msonkho wolowetsera katundu, VAT ndi lendi, koma ali pafupi: kuchokera pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo mukatumiza ndalama m'mawa katoni imatha kufika ndi minibasi dzuwa lisanalowe. Pakati pa iwowo, amene ndimamufuna ndi wokhala ndi mmisiri wake ndi zipangizo zing'onozing'ono zija: ma damper, makapu, ma wiper, mapampu, zingwe za hedi. Inki yokha aliyense atha kugulitsa. Funso limene ndimafunsa ndi lakuti, "Makina atandivuta Lachisanu, mmisiri wanu atsika kuchigwa, ndipo ndi ndalama zingati?" Ambiri amati bweretsani makina kuno. Munthu amene ananyamulapo makina a mita 1.8 pa pikapu kukwera nawo zitunda zija akudziwa kuti yankho limenelo ndi kukana.

Pali amalonda obwera ndi katundu kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Tete ndi pa chipata cha Mwanza. Inki yawo nthawi zambiri imakhala yodziwika dzina, ndipo ena ndi anthu okhulupirika, koma ulendo uno abwera ndi mtundu uwu, ulendo winawo abwera ndi wina malinga ndi zimene apeza. Kwa munthu wofuna inki imodzimodzi chaka chonse, pamenepo ndi povuta. A pa Facebook ndi pa WhatsApp opanda sitolo yodziwika sindigulako n'komwe.

Kuitanitsa nokha ku China ndi kumene kumakopa ambiri, chifukwa mtengo wa ku fakitale mukaumva mumadabwa. Koma inki ya solvent ndi madzi amankhwala, makampani ambiri a ndege amaikana kapena amafuna mapepala ndi ndalama zoonjezera, ndiye imabwera pa sitima yapamadzi kudzera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndipo mumadikira miyezi ndalama zanu zili panyanja. Ikafika pali msonkho wa ku MRA, wa ejenti woombola katundu ndi thiransipoti. Fakitale nayo sigulitsa mabotolo anayi, imafuna makatoni. Inkiyi ili ndi moyo wake, kawirikawiri chaka chimodzi kapena chaka ndi theka kuchokera tsiku lopangira, ndipo miyezi ina yathera kale panjira. Shopu yaing'ono ya kuchigwa singamalize makatoni amenewo isanayambe kukhuthala m'kutentha kwathu. Njirayi imayenda pokhapokha anthu angapo okhala ndi hedi zofanana atagwirizana kuitanitsa pamodzi kwa fakitale imodzi n'kugawana ikafika. Ndinachitapo zimenezi ndi anzanga a ku Nsanje ndi ku Blantyre, ndipo zinatipindulira, koma zimafuna anthu oti ndalama zawo zimafika pa tsiku lomwe mwapangana.

Wogulitsa wina amakakamiza kugula seti ya mitundu inayi. Pewani zimenezo ngati mungathe, chifukwa mitundu siitha mofanana. Nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 zinaonekera poyera. Buluu wa DPP amadya cyan ndi magenta, kufiira kwa UTM ndi kwa MCP kumadya magenta ndi yachikasu, chikasu cha UDF ndi kubiriwira kwa MCP zimamaliza yachikasu. Magenta ndi yachikasu zinkatha yakuda ili chikhalire pa shelefu. Mukamagula ma seti mumaunjika mabotolo akuda amene adzakalambira pompo. Ndipo nthawi ngati imeneyo aliyense m'dziko muno akusindikiza, inki imasowa ku Blantyre komweko, ndiye wogulitsa amene amakudziwani n'kukusungirani mabotolo anu ndi wamtengo wapatali kuposa amene anakutsitsirani K5,000. Ntchito za kampeni, zikhale za chipani chilichonse, ndimalandira ndalama zonse ndisanayatse makina, chifukwa chisankho chikadutsa banner ilibenso ntchito kwa mwini wake.

Za kwacha ndiye nkhani yosalephera kuitchula. Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Inki, flex, vinyl ndi hedi zonse zimachokera kunja. Madola atasowa m'mabanki, oitanitsa ambiri anayamba kuwapeza pa mtengo wokwera kuposa wa kubanki, ndipo mitengo yawo inayamba kutsata kumeneko. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti mtengo wa banner suyenera kuwerengeredwa pa ndalama imene munagulira botolo lili m'tankilo, koma pa ndalama imene mudzagulire lolowa m'malo mwake. Ndinaona anzanga akusangalala kuti ntchito zikuyenda, mabotolo atatha n'kupeza kuti ndalama zimene atolera sizikukwana kugula omwewo.

Pa chifukwa chimenechi kotesheni yanga imakhala ndi malire a sabata imodzi, ndipo ndimalemba zimenezo poonekera. Mabungwe ndi maofesi amene amalipira patapita mwezi kapena kuposa ndimawauza poyera kuti mtengo wa ngongole ndi wosiyana ndi wa pompopompo, kapena apereke theka poyamba kuti ndigule zipangizo tsiku lomwelo. Ena amakwiya, koma ambiri akawafotokozera amamvetsa, pakuti nawonso amagula zinthu m'dziko lomweli. Kwa wogulitsa inki ndimapempha chinthu chimodzi: andiuze mtengo usanakwere, ngakhale kutatsala masiku ochepa. Amene ndimagula kwa iye tsopano amatero, amangotumiza uthenga kuti katundu watsopano akubwera ndi mtengo wina, tengani wakaleyu ngati muli nazo. Ndimamufunsanso risiti yovomerezeka, chifukwa mabungwe akuluakulu amafuna kuona kuti bizinesi yanu ili m'mabuku, komanso risitiyo ndi umboni wanu zinthu zikalakwika.

Nyengo ya mvula ili ndi masamu akeake. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadula msewu wa M1 m'malo angapo kuno kuchigwa ndipo anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 kunabweranso Freddy. Nthawi ngati zimenezi ndi pamene mabungwe amafuna ma banner a m'misasa ya anthu othawa madzi ndi mauthenga a kolera, mwachangu, msewu uli woduka. Amene ali ndi inki pa shelefu ndiye amagwira ntchito, ndipo mauthengawo ndi opulumutsa miyoyo ya abale athu omwe. Choncho Disembala asanafike ndimagula yokwanira kudutsa miyezi ya mvula, pamodzi ndi cleaning solution ndi ma damper apadera. Ndimasunga pa shelefu yam'mwamba, kutali ndi malata ndi zenera, m'chipinda chimene chimazizirirako, ndipo lakale ndilo limayamba kutsegulidwa. Botolo likakhalitsa ndimaligwedeza pang'onopang'ono n'kulisiya likhazikike ndisanathire kuti thovu lisalowe m'mapaipi.

Magetsi akathima masiku angapo, hedi imauma ili chiimire. Ndimathira cleaning solution pang'ono m'kapu, kuonetsetsa kuti hedi yakhala bwino pamalo pake, ndipo tsiku lililonse ndimayatsa jenereta kwa kanthawi kuti makina atulutse nozzle test (timizere toonetsa ngati timabowo tonse tikutulutsa inki) ngakhale palibe ntchito. Apanso inki yabwino imaonekera: imadzuka ndi kutsuka kumodzi, pamene yofooka imasiya timabowo tina takufa. Stabiliser (chowongolera mphamvu ya magetsi) ndi UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) musaziyese zapamwamba, ndi gawo la makina.

Potumiza pa minibasi ndimapempha kuti mabotolo aikidwe choimirira m'katoni, akulungidwe m'pulasitiki, ndipo akwere galimoto ya m'mawa. Kondakitala ndimamuimbira ndekha: "Achimwene, katoniyo isakhale pa injini kapena padzuwa chonde, ikani pansi pa mpando wakumbuyo." Ndimamuonjezera kangachepe. Ndi kanthu kakang'ono, koma inki imene yaphikidwa pa injini kuchokera ku Blantyre mpaka ku Bangula si imene munalipira.

Kutsitsa mtengo kumatheka, koma njira yake si kulira pa foni. Ine ndinatenga kabuku kanga n'kumuonetsa wogulitsa kuchuluka kwa malita amene ndimagula pa chaka, ndinamuuza kuti ndizigula kwa iye yekha ndi kulipira pa nthawi yake, iye andipatse mtengo wa ogula zambiri, asasinthe inki osandiuza, ndipo mmisiri wake azitsika kudzaona makina chilimwe chisanafike. Tinalemba pa pepala, tonse tinasaina. Kuchotsera kwake sikwakukulu, koma tsiku lina pampu itafa ntchito ya ukwati ili pakati, anatumiza ina pa ngongole ndi minibasi yoyamba. Ndimasunganso nambala ya wogulitsa wachiwiri amene inki yake ndinaiyesa kale padenga ndi m'kabotolo kagalasi, kuti woyambayo zikadzamuvuta ndisadzagule mothamanga kwa aliyense.

Posankha inki mvetseraninso mphuno zanu. Ina imalembedwa kuti eco-solvent koma fungo lake limalasa m'maso ndi kupweteketsa mutu, ndipo anyamata anu ndi amene amapuma mpweya umenewo tsiku lonse. Kuno timakonda kutseka mazenera kuopa fumbi ndi kutentha, ndiye m'chipinda chosindikizira ndinaika fani yotulutsa mpweya kunja, ndipo otsuka hedi amavala magolovesi. Wogulitsa woona amakhala ndi pepala lofotokoza mankhwala amene ali mu inki yake, lija amati MSDS, ndipo mukalipempha sazengereza.

Inki yotayika ija musaithire m'ngalande kapena kuseri kwa shopu. Madzi a pansi kuno ali pafupi, anthu amamwa m'mijigo ndi m'zitsime, ndipo ngalande zathu zonse zimathera mu Shire. Ine ndimaisonkhanitsa m'chigubu chotseka bwino, ndipo pa mgwirizano wathu uja ndinapempha kuti wogulitsa azichitenga mmisiri wake akabwera. Mabotolo opanda kanthu ndiye amavuta kwambiri, chifukwa ndi olimba ndi okongola, ndipo amayi ndi ana amabwera kudzawapempha kuti azisungiramo mafuta ophikira, thobwa kapena madzi opita nawo kumunda. Ngakhale mutawatsuka chotani, mankhwala ake samatheratu. Ndimawafotokozera chifukwa chake ndikukana, ndipo botolo lililonse ndimaliboola pansi ndi msomali lisanatuluke m'shopu.